Kugula Mkono Usanapole

Mu Febuluwale 2017, timu ya baseball ya Tampa Bay Rays ya ku Florida inalemba ntchito munthu amene aliyense ankadziwa kuti chaka chimenecho saponya mpira ngakhale umodzi pa masewero enieni. Munthuyo anali Nathan Eovaldi. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, madokotala anali atamuchita opaleshoni pa chigongono cha kumanja, kachiwiri m'moyo wake, ndipo timu yake yakale, New York Yankees, inamumasula mu Novembala itaona kuti alibe ntchito kwa chaka chathunthu. A Rays anamuuza kuti amupatsa $2 miliyoni mu 2017 kuti azingochira. Anaikaponso mfundo yakuti akafuna, adzamusunga mu 2018 pa $2 miliyoni inanso.

Kwa wowerenga wa kwathu kuno ndalama zimenezi n'zochititsa chizungulire, koma tiziyese ndi muyeso wa kumeneko. Mu ligi yaikulu ya ku America, Major League Baseball, mnyamata wongoyamba kumene ankalandira $535,000 pachaka mu 2017, ndipo woponya mpira wodalirika, wopanda bala, ankatha kufunsa $15 miliyoni kapena kuposa pamenepo pachaka. Eovaldi, amene mpira wake unkathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, anapita pa mtengo wotsika zedi. Malonda a mtundu uwu amachitika chaka ndi chaka, ndipo ali ndi malamulo ake, nyengo yake ndi anthu amene amalira nawo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mkono. Ligi ili ndi matimu 30, 29 ku United States ndi imodzi ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 162 kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, kenako matimu opambana amalimbirana chikho cha World Series mu Okutobala. Pakati pa bwalo pali kachulu. Woponya amaima pamenepo n'kuponyera mpira kwa womenya amene ali pa mtunda wa mamita 18.44, atagwira chibonga. Woponya amene amayamba masewero amaponya mipira pafupifupi 90 kapena 100, ndi mphamvu zake zonse, kenako amapuma masiku anayi n'kubwereranso. Mkono wa munthu sunalengedwere zimenezo. Mkati mwa chigongono muli kamtsempha kakang'ono kolumikiza fupa la kumtunda ndi la kumunsi, ndipo pa kuponya kulikonse kamakokeka pafupifupi mpaka pamene kangathe kupirira. Zaka zikamapita kamanyotsoka, tsiku lina n'kuduka. Phewa nalo limatha chimodzimodzi.

Kale kamtsempha aka kakaduka, ntchito inkathera pomwepo. Zinasintha pa 25 Sepitembala 1974, pamene Dr. Frank Jobe, dokotala wa timu ya Los Angeles Dodgers, anayesa chinthu chatsopano pa woponya wamanzere dzina lake Tommy John. Anachotsa mtsempha pa mkono wake wa kumanja, anaboola timabowo m'mafupa a chigongono cha kumanzere, n'kulowetsa mtsemphawo m'timabowomo ngati mmene amalembera nambala 8. Jobe mwiniwake ankaona kuti mwayi woti John adzaponyanso unali umodzi pa 100. Zinavutanso poyamba: mtsempha wina wa m'manjamo unawonongeka, zala zinapindika, ndipo panafunika opaleshoni ina. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera. Anabwerera mu 1976 n'kuponya mpaka 1989, ndipo mwa masewero 288 amene anapambana m'moyo wake, 164 anawapambana atachitidwa opaleshoni. Lero opaleshoniyi imadziwika ndi dzina lake, ndipo pafupifupi woponya mmodzi mwa atatu aliwonse mu ligi ali ndi chipsera chake mkati mwa chigongono.

Chimene Jobe anapatsa eni matimu ndi kalendala. Bala limene linali chiweruzo linasanduka chinthu chowerengeka: miyezi 12 mpaka 18 ya kuchira, ndipo kafukufuku wa madokotala amasonyeza kuti pafupifupi anayi mwa asanu aliwonse amabwerera. Chinthu chikawerengeka, chimakhala ndi mtengo.

Mbali ina ya nkhaniyi inachokera ku khoti ndi ku bungwe la osewera. Kwa zaka pafupifupi 100, wosewera ankakhala womangika ku timu imene inamulemba mpaka itamugulitsa kapena kumutaya. Curt Flood wa St. Louis Cardinals anakana kutumizidwa ku Philadelphia mu 1969, anakasuma, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linamugwetsa mu 1972. Koma bungwe la osewera, limene linkatsogoleredwa ndi Marvin Miller, silinagonje. Mu Disembala 1975 mkhalapakati Peter Seitz anagamula kuti Andy Messersmith ndi Dave McNally anali omasuka, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti aliyense amene watumikira zaka zisanu ndi chimodzi mu ligi yaikulu, kontirakiti yake ikatha atha kupita kulikonse. Wosewera wotereyu ndiye amamutcha free agent. Palinso china chofunika kwambiri: makontirakiti a osewera omasukawa amakhala otsimikizika. Ikasainidwa, ndalama yonse imalipidwa, kaya munthuyo athyoka mawa lake. N'chifukwa chake matimu amaopa bala kuposa china chilichonse. Carlos Correa anazionera yekha mu Disembala 2022. San Francisco Giants anagwirizana naye $350 miliyoni pa zaka 13, madokotala awo ataona zithunzi za mwendo umene unathyoka pa kakolo mu 2014, timu inabwerera m'mbuyo. New York Mets anabwera ndi $315 miliyoni, nawonso anachita mantha ndi mwendo womwewo. Anathera ku Minnesota Twins pa $200 miliyoni ya zaka zisanu ndi chimodzi. Apatu n'kuti munthuyo akuthamanga bwinobwino. Ndiye amene mkono wake uli m'chitsulo chougwiriziza angayembekeze chiyani?

Njira imene matimu ambiri amatsata lero inaonekera bwino pa Jon Lieber. Iyeyu anapambana masewero 20 ku Chicago Cubs mu 2001, chigongono chinaduka mu 2002, ndipo a Cubs sanamusunge. Kumayambiriro kwa 2003 a Yankees anamupatsa $3.5 miliyoni ya zaka ziwiri, akudziwa kuti chaka choyamba sachiwerengera. Anakhaladi 2003 yonse akuchira. Mu 2004 anapambana masewero 14, kuluza 8, ndipo mu Okutobala, pa masewero achiwiri olimbirana ukatswiri wa American League, imodzi mwa maligi awiri amene amapanga ligi yaikulu, anagonjetsa Pedro Martínez wa Boston Red Sox, amene panthawiyo anali mmodzi wa oponya oopedwa kwambiri. Chaka chitatha Lieber anali womasukanso, tsopano ndi mkono wabwino, ndipo Philadelphia Phillies anamupatsa $21 miliyoni ya zaka zitatu. Onse anapindula. A Yankees anapeza chaka chimodzi cha woponya wodalirika pa mtengo wotsika, Lieber anapeza malipiro, madokotala ndi malo ochirira panthawi imene analibe chogulitsa.

Kontirakiti yotere imakhala ndi zigawo zingapo, ndipo kukangana konse kumakhala pa zigawozo. Pali ndalama yotsimikizika, imene nthawi zambiri amaigawa kuti chaka choyamba chikhale chochepa, chachiwiri chokulirapo. Pali mphamvu ya timu yowonjezera chaka china pa mtengo umene agwirizana lero, mkono usanaoneke. Mfundo imeneyi ndiyo mtima wa malondawa kwa timu, chifukwa ngati munthu wachira bwino, amutenga pa mtengo wa munthu wodwala. Ndiye pali ndalama zapamwamba zolipidwa akafika pa mlingo wakuti. Malamulo a ligi saloleza kuti ndalama zimenezi zidalire kuchita bwino, monga kupambana masewero angapo kapena kumenya mipira yambiri yotuluka m'bwalo. Zimaloledwa kudalira kuchuluka kwa ntchito: masewero amene wayamba, zigawo za masewero zimene waponya, masiku amene wakhala pa mndandanda, kapena mphoto zimene walandira. Ejenti wanzeru amalimbira ndalama yotsimikizika kuposa zapamwambazo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Nthawi zina timu imadziteteza bala lisanabwere n'komwe. John Lackey atasaina ndi Boston mu Disembala 2009 pa $82.5 miliyoni ya zaka zisanu, anaikamo mfundo yakuti chigongono chake chikadzamugoneka nthawi yaitali, timu idzakhala ndi ufulu wa chaka china pa malipiro otsikitsitsa a mu ligi. Chinadukadi, 2012 yonse sanasewere, ndipo mu 2015, atasamukira ku St. Louis, katswiri wa zaka zambiri ameneyu anaponya chaka chonse pa ndalama yongopitirira pang'ono $500,000.

Mukayang'ana masiku amene makontirakiti ambiri otere amasainidwa, mudzaona kuti Febuluwale akubwerabwera. Si mwangozi. Timu iliyonse ili ndi mndandanda wa osewera 40 amene imawateteza kuti ena asawatenge, ndipo malo pa mndandandawu ndi a mtengo wapatali. Wosewera wovulala kwambiri amaikidwa pa mndandanda wina wa ovulala wa masiku 60, ndipo akakhala kumeneko sadya malo pa 40 paja. Koma mndandanda wa ovulalawu umatsekedwa World Series ikatha, n'kudzatsegulidwa pamene matimu ayamba zokonzekera pakati pa Febuluwale. Timu ikalemba wovulala mu Disembala, ndiye kuti iyenera kuchotsa wina, mwina mnyamata wa tsogolo, kuti pakhale malo kwa miyezi iwiri. Ikadikira mpaka Febuluwale, imasaina lero, mawa n'kumuika kwa ovulala. Choncho munthu amadutsa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano alibe timu, osati chifukwa chakuti palibe womufuna, koma chifukwa cha kawerengedwe ka malo pa pepala. Ken Giles ku Seattle mu 2021, Liam Hendriks ku Boston mu 2024, Brandon Woodruff ku Milwaukee chaka chomwecho, onsewa anasaina mu Febuluwale.

Chaka chochiracho chimapita bwanji? Anzake akamakwera ndege kupita ku masewero, wovulalayo amatsala ku malo ophunzitsira a timu ku Florida kapena ku Arizona, kumene kumatentha kwambiri pakati pa chaka ndipo kulibe masapota. Masabata oyamba mkono umakhala m'chitsulo chokhala ndi kahinji, chimene amachimasula pang'onopang'ono kuti chigongono chizitambasuka. Kenako amafinya kampira kofewa, kukoka malamba a labala, kunyamula tizitsulo tolemera ngati botolo la madzi. Miyezi inayi kapena isanu ikadutsa amaloledwa kugwira mpira weniweni, ndipo amaponya pa mtunda wa mamita 14 basi, pa malo osalala, wophunzitsa akuwerenga kuponya kulikonse. Akafika nambala ya tsikulo amamulanda mpira ngakhale iye akumva bwino. Mtunda umawonjezeka sabata ndi sabata mpaka kupitirira mamita 35, ndiyeno amakwera pa kachulu. Pomaliza amamutumiza ku matimu ang'onoang'ono a m'matauni akutali kwa masiku pafupifupi 30 kuti akayese pa omenya enieni. Oponya ambiri amanena kuti liwiro la mpira limabwerera msanga, koma luso loulondolera pamene akufuna limachedwa, nthawi zina chaka china chathunthu. M'mawa uliwonse munthu amadzuka n'kuyamba wamvetsera chigongono: kodi uku n'kutopa chabe, kapena chayambanso?

Eovaldi anadutsa zonsezi mu 2017. A Rays anagwiritsa ntchito mphamvu yawo n'kumusunga mu 2018, koma sizoni isanayambe panapezeka tizidutswa m'chigongonomo, n'kumuchitanso kaopaleshoni kena. Anabwerera pa 30 Meyi 2018 ndipo tsiku limenelo anaponya zigawo zisanu ndi chimodzi kwa Oakland popanda womenya ndi mmodzi yemwe kupeza mpira wabwino. Patangotha miyezi iwiri, pa 25 Julayi, a Rays anamusinthanitsa ndi woponya wachinyamata Jalen Beeks wa ku Boston. Apa tikuona phindu lachiwiri la malondawa: timu yosauka ngati Tampa Bay sifunika kumusunga mpaka mapeto. Imamuchiritsa, kumuonetsa, n'kumupereka kwa amene akuthamangira chikho posinthana ndi mnyamata amene adzaitumikire zaka zambiri motchipa.

Pa 26 Okutobala 2018, masewero achitatu a World Series pakati pa Boston ndi Dodgers ku Los Angeles sanathe pa zigawo 9 za masiku onse. Anafika zigawo 18, maola 7 ndi mphindi 20. Boston itatsala pang'ono kutha oponya, Eovaldi analowa m'chigawo cha 12, munthu amene anali ataponyanso pa masewero awiri oyamba aja. Anaponya mipira 97 mpaka usiku kwambiri, ndi chigongono chosokedwa kawiri, kontirakiti yake ikutha sabata yomweyo. Mkonowo ukanaduka usiku umenewo, palibe amene akanamubwezera kanthu. M'chigawo cha 18 Max Muncy anamenya mpira wotuluka m'bwalo, Boston n'kuluza 3 kwa 2. Mnzake Rick Porcello anauza atolankhani kuti anagwetsa misozi poona zimene munthuyu anachita. Boston inapambana masewero awiri otsatira n'kutenga chikho, ndipo mu Disembala inapatsa Eovaldi $68 miliyoni ya zaka zinayi. Mu 2023 anatenganso chikho china ndi Texas Rangers.

Nkhani ya Chris Carpenter ndi yokulirapo. Toronto Blue Jays anamuchotsa pa mndandanda kumapeto kwa 2002 atachitidwa opaleshoni ya phewa, ndipo St. Louis Cardinals anamutola mu Disembala pa $300,000 yokha. Mu 2003 sanaponye mu ligi yaikulu, phewa linafunanso mpeni. A Cardinals anamulembanso. Mu 2004 anapambana masewero 15, mu 2005 anapambana 21 n'kulandira mphoto ya Cy Young, imene imapita kwa woponya woposa onse mu ligi yake. Anathandiza timuyo kutenga chikho mu 2006 ndi mu 2011, ndipo mu 2011 momwemo anagonjetsa mnzake wapamtima wa ku Toronto, Roy Halladay, 1 kwa 0 pa masewero amene woluza ankatuluka mu mpikisano. Mkulu aliyense wa timu akamasaina wovulala amakhala akulota Carpenter wina.

Koma nkhani zokoma zimenezi n'zimene zimakumbukika, ndipo zimabisa unyinji. Mark Prior anali ndi zaka 22 pamene anapambana masewero 18 ku Cubs mu 2003, ndipo ambiri ankati ndiye adzalamulira ligi kwa zaka khumi. Kumapeto kwa sizoni imeneyo, timu ikuthamangira chikho, ankaponya mipira yopitirira 120 pa masewero ambiri, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati ndi pamenepo pamene phewa lake linayambira kutha. Masewero ake omaliza mu ligi yaikulu anali mu 2006, ali ndi zaka 25. A Cubs anamumasula mu Disembala 2007, San Diego Padres, timu ya kwawo, anamupatsa $1 miliyoni, koma sanaponye. Anayesa m'matimu ang'onoang'ono a Texas, Yankees, Boston ndi Cincinnati mpaka anasiya mu 2013. Brandon Webb wa Arizona analandira Cy Young mu 2006, anapambana masewero 22 mu 2008, anaponya zigawo zinayi pa tsiku lotsegulira sizoni ya 2009, phewa n'kukana. Texas anamupatsa $3 miliyoni mu 2011 ndipo sanawaponyere ngakhale kamodzi. Josh Johnson analandira $8 miliyoni ku San Diego mu 2014, chigongono chinadukanso sizoni isanapite patali, osaponya. Ben Sheets anatenga $10 miliyoni ku Oakland mu 2010, anapambana masewero 4, kuluza 9, mkono n'kugwanso mu Julayi. Giles, pa $7 miliyoni yake ya ku Seattle, anaonekera pa masewero asanu okha.

Mukaika mayinawa pamodzi, chinthu chimodzi chimaonekera: phewa ndi loipa kuposa chigongono. Chigongono chimangopindika ndi kutambasuka, ndipo kamtsempha kamodzi kakalowedwa m'malo, ntchito yatheka. Phewa limazungulira mbali zonse, ligwiridwa ndi minofu ndi mitsempha yambiri imene iyenera kukhala yomasuka mokwanira kuti mkono upite kumbuyo, komanso yolimba mokwanira kuti fupa lisachoke. Dokotala akalimanga kwambiri, liwiro limatha. Akalisiya lomasuka, ululu umabwerera. N'chifukwa chake wa chigongono amapatsidwa zaka ziwiri zotsimikizika, pamene wa phewa nthawi zambiri amapatsidwa chaka chimodzi ndi malonjezo ambiri.

Timu ikaluza pa malonda otere, imaluza zochepa. Kutaya $3 miliyoni pa bajeti yopitirira $100 miliyoni sikugwetsa aliyense, ndipo Carpenter mmodzi amabweza ndalama za anthu khumi amene sanachire. Wosewera alibe mikono khumi. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti tisafulumire kutamanda matimu ngati achifundo. Taganizirani mmene wosewera amafikira pa msika. Zaka zake zitatu zoyamba amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa, zitatu zotsatira malipiro ake amakwera kudzera mwa mkhalapakati, komabe safika pa mtengo wa pa msika. Zaka zimenezi, kuyambira 23 mpaka 29, ndi zimene mkono umakhala wamphamvu, ndipo ndi zimene umagwiritsidwa ntchito kwambiri. Ukaduka m'chaka chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi, timu imene yadya zaka zabwinozo ili ndi khomo lotulukira. Lamulo limati siingadule malipiro ake kupitirira 20 pa 100 iliyonse, koma silimaikakamiza kumupatsa kontirakiti. Ndiye mu Novembala imangomusiya. Lamulo limene linapangidwa kuti limuteteze limasanduka chifukwa chomutayira.

Zinachitikira Woodruff. Anatumikira Milwaukee Brewers kuyambira 2017, anasankhidwa kawiri pa masewero a akatswiri a mu ligi, ndipo mu 2023 ankalandira $10.8 miliyoni, kutatsala chaka chimodzi kuti alowe pa msika, kumene akanapeza ndalama zambirimbiri. Phewa linachitidwa opaleshoni mu Okutobala 2023, mu Novembala timu inamusiya, mu Febuluwale timu yomweyo inamulembanso pa $17.5 miliyoni ya zaka ziwiri. Anadzabwerera pa kachulu mu Julayi 2025. Palibe lamulo limene linaswedwa. Koma zimandikumbutsa mavenda amene amafika m'mudzi mu Febuluwale, njala ili pakhomo, n'kugula chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Mlimi amalandiradi ndalama pa tsiku limene waisowa, ndipo wogula angathe kuluza mvula ikadula. Koma mtengo umaikidwa pa tsiku limene mmodzi sangathe kudikira.

Ndipo mbiri imatiuza kuti kutsika kwa mtengo sikuchokera ku bala lokha nthawi zonse. Andre Dawson anachoka ku Montreal Expos itatha sizoni ya 1986, mawondo atatheratu chifukwa cha kapinga wopanga wa pa bwalo la kumeneko, wouma ngati simenti. Ankafuna bwalo la udzu weniweni. Palibe timu ina imene inamuyitana. Mu Malichi 1987 iye ndi ejenti wake Dick Moss anapita kumene a Cubs ankakonzekera ku Arizona ndi kontirakiti yopanda nambala, kuti timu ilembepo yokha. Analembapo $500,000 ndi zapamwamba pang'ono. Chaka chimenecho Dawson anamenya mipira 49 yotuluka m'bwalo n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League, ina ya maligi awiri aja, ngakhale timu yake inathera pansi penipeni. Pambuyo pake akhalapakati anapeza kuti eni matimu anali atapangana mwamseri kuti asamalimbirane osewera omasuka, ndipo mu 1990 anavomera kulipira osewera $280 miliyoni. Mawondo a Dawson anali enieni, koma si okhawo amene anatseka makomo.

Pa mitundu yonse ya makontirakiti amenewa, ine ndimaona kuti ya zaka ziwiri zotsimikizika ndiyo yoongoka. Imavomereza poyera kuti kuchira ndi ntchito, ndipo imailipira. Munthu safunika kunama kuti sakumva kupweteka. Imene imandidetsa nkhawa ndi ya chaka chimodzi yodzaza ndi ndalama zapamwamba. Wosewera akadziwa kuti masewero ena asanu amubweretsera theka la miliyoni, ndiponso kuti matimu onse akumuyang'ana kuti aone ngati mkono wapola asanamupatse kontirakiti yaikulu, kodi adzanena zoona kwa dokotala phewa likayamba kuluma mu Ogasiti? Timu nayo, podziwa kuti chaka chamawa munthuyu sadzakhala wawo, ilibe chifukwa chachikulu chomusungira mkono. Kwa ena njira imeneyi imayendadi. Adrián Beltré, amene si woponya, anachoka ku Seattle pambuyo pa chaka cha 2009 chimene chinawonongeka ndi opaleshoni ya phewa, anatenga chaka chimodzi ku Boston pa $9 miliyoni, anamenya bwino kwambiri, ndipo Texas anamupatsa $80 miliyoni ya zaka zisanu. Greg Holland anachita chimodzimodzi ku Colorado mu 2017 atakhala chaka chonse osaponya. Koma njirayi imayika munthu pa mpikisano ndi thupi lake lomwe.

Matimu ataona kuti malondawa amapindulitsa, onse anayamba kuwathamangira, ndipo mtengo unakwera. Lieber anatenga $3.5 miliyoni mu 2003. Mu Disembala 2017 Michael Pineda ku Minnesota ndi Drew Smyly ku Cubs anatenga $10 miliyoni aliyense. Garrett Richards anatenga $15.5 miliyoni ku San Diego chaka chotsatira, ndipo mu Disembala 2023 Tyler Mahle anasaina $22 miliyoni ku Texas chigongono chisanapole. Ena tsopano amakwanitsa kutembenuza mfundo ija, kuti mphamvu yosankha za chaka chachiwiri ikhale m'manja mwa wosewera, monga anachitira Shane Bieber ndi Cleveland mu Disembala 2024. Kusintha kumeneku n'kwabwino, ndipo kwabwera chifukwa matimu akulimbirana, zomwe Flood ndi Miller ankamenyera.

Koma kwakhudza okhawo amene ali ndi dzina komanso bala lowerengeka. Enawo amapatsidwa kontirakiti ya m'matimu ang'onoang'ono, yokhala ndi chiitano chodzayesedwa mu Febuluwale, yopanda chitsimikizo chilichonse. Akapanda kukhutiritsa pofika kumapeto kwa Malichi, amauzidwa kuti alongedze. Ngakhale dzina lalikulu limatha kutsikira kumeneko. Johan Santana wa ku Venezuela analandira Cy Young mu 2004 ndi mu 2006, ndipo pa 1 Juni 2012 anaponya mipira 134 kuti apatse New York Mets masewero awo oyamba m'mbiri opanda womenya aliyense kupeza mpira wabwino. Phewa lake linang'ambikanso mu 2013. Baltimore Orioles anamupatsa kontirakiti ya m'matimu ang'onoang'ono mu 2014, ndipo mu Juni, atatsala pang'ono kuitanidwa ku ligi yaikulu, mtsempha wa kuseri kwa chidendene unaduka akuthamangira mpira pa masewero oyeserera ku Florida. Toronto anamuyesanso mu 2015 pa kontirakiti ya mtundu womwewo, ndipo sanafike. Osewera a m'matimu ang'onoang'onowa analowa m'bungwe mu 2022 mokha, ndipo mgwirizano wawo woyamba, wa mu 2023, unaika malipiro otsikitsitsa a gawo lapamwamba la matimuwa pa $35,800 pachaka.